Ziro wa kumanzere akusowetsa mayina pa tsiku la malipiro

Pa tsiku la malipiro, kaya ndi a fodya, kaya ndi ndalama zothandizira okalamba, sipalephera kukhala anthu angapo obwerera kunyumba chimanjamanja. Analembetsa bwinobwino, chiphaso chili m'thumba, a mfumu akuwadziwa, koma mlembi akayang'ana pa kompyuta amangoti nambala sikugwirizana, mubwerenso mwezi wamawa. Zifukwa zake n'zambiri, ndipo zina ndi zachinyengo zoyenera apolisi. Koma chilipo chifukwa chimodzi chimene mulibe wakuba aliyense, ndipo n'chaching'ono moti ngakhale alembi ena sachidziwa. Ndi ziro, uja woyambirira pa nambala, amene amagwa panjira pamene mayina akusamutsidwa kuchoka m'makina ena kupita m'makina ena.

Pa Chipwitikizi munthu wopanda phindu amamunena kuti ndi zero à esquerda, ndiye kuti ziro wa kumanzere. Pa masamu mawuwo ndi oona. Matumba 07 a chimanga ndi matumba 7 omwewo, palibe chawonjezeka. Ziro amene tonse timamulemekeza ndi wa kumanja, ndipo amene anali kugula ndi kugulitsa mu 2006 akumudziwa bwino: pa 1 Julayi chaka chimenecho maziro atatu anadulidwa pa ndalama yathu, meticais 1000 akale n'kusanduka metical 1 watsopano. Za maziro amenewo wailesi inalengeza miyezi yambiri. Za ziro wa kumanzere palibe amene analengeza, chifukwa kusukulu tinaphunzira kuti alibe ntchito.

Tsono vuto ndi lakuti manambala alipo a mitundu iwiri. Ena ndi owerengera zinthu: makilo a fodya, mitu ya ng'ombe, ndalama. Amenewa mungathe kuwaphatikiza kapena kuwagawa. Ena ndi mayina chabe olembedwa ndi timanambala m'malo mwa zilembo. Nambala ya foni yanu simungaiphatikize ndi ya mlamu wanu kuti mupeze yankho lanzeru. Nambala yotere ikachotsedwa kanambala kamodzi, yasanduka dzina la munthu wina kapena la munthu amene kulibe, monga mmene Phiri angasandukire Hiri mutachotsa chilembo choyamba.

Ziro amene tili naye m'matumba

Ife a m'malire muno tili ndi manambala oyamba ndi ziro ambiri kuposa mmene timaganizira. Pa kalembera wa boma chigawo chilichonse chili ndi nambala yake: Niassa ndi 01, Cabo Delgado 02, Nampula 03, Zambézia 04, Tete 05, mpaka kukafika pa mzinda wa Maputo umene ndi 11. Pa zigawo 11 zimenezi, 9 zimayamba ndi ziro. Tulutsani B.I. yanu muone: ili ndi timanambala 12 ndi chilembo chimodzi kumapeto, ndipo ambiri amene anatengera chiphasocho kuno ku Tete apeza kuti chikuyamba ndi 05.

Amene ali ndi buku ku banki ali ndi nambala yaitali yotchedwa NIB, imene makampani ndi mabungwe amapempha akafuna kulowetsa ndalama m'buku lanu. Ili ndi timanambala 21, ndipo tinayi toyamba timasonyeza banki yake. Ya Millennium bim imayamba ndi 0001, ya BCI imayamba ndi 0008. Maziro atatu ali kutsogolo penipeni.

Kenaka pali mafoni. Manambala a kuno kwathu ali ndi timanambala 9 ndipo sayamba ndi ziro: 82 ndi 83 ndi a Tmcel, 84 ndi 85 a Vodacom, 86 ndi 87 a Movitel. Koma ku Calómuè, ku Biri-Biri, ku Zóbuè ndi ku Mandimba, mabanja ambiri amasunganso khadi ya ku Malawi, chifukwa abale, msika ndi chipatala zili tsidya lomwelo, ndipo m'midzi ina mlongoti wa tsidya ilo ndi umene uli pafupi. Manambala a ku Malawi ali ndi timanambala 10 ndipo amayamba ndi ziro, monga 088 a TNM ndi 099 a Airtel. A ku Chifunde oyandikana ndi Cassacatiza ali ndi a ku Zambia, oyamba ndi 095, 096 kapena 097. Onjezanipo makadi a alimi amene makampani ndi magulu amapereka, aja olembedwa ngati 00472 kuti onse akhale otalika mofanana.

Mmene dzina limayendera

Mukalembetsa pansi pa mtengo kapena ku sede ya localidade, dzina lanu limakalowa m'nkhokwe ya mayina ya pa kompyuta, imene m'maofesi amati base de dados. Nkhokweyo ili ngati kaundula wamkulu wokhala ndi madanga: danga la dzina, la mudzi, la nambala ya khadi, la foni. Koma ndalama sizituluka m'nkhokwemo. Mayina ayenera kutumizidwa kwina, ku banki, ku kampani ya foni, ku ofesi ya ku Tete kapena ku Maputo, ndipo makina a kumeneko ndi a mtundu wina. Kuti amvane, mlembi amatulutsa mayinawo m'fayilo yosavuta imene makina onse amatha kuwerenga, yotchedwa CSV. M'fayilo imeneyi munthu aliyense ali ndi mzere wake, ndipo madanga amalekanitsidwa ndi kachizindikiro. M'maiko olankhula Chingerezi amagwiritsa vírgula, koma poti ife vírgula timaigwiritsa polemba ndalama, monga 12,50 MT, makompyuta a Chipwitikizi amaika ponto e vírgula. Mzere wa mlimi mmodzi ungaoneke chonchi:

00472;Uje;Dómuè;12

Ndiye kuti khadi 00472, dzina Uje, wa ku Dómuè, mabelo 12. Taonani kuti m'mzerewu mulibe chilichonse chouza makina olandira kuti 00472 ndi dzina pamene 12 ndi chiwerengero. Fayilo ya CSV imanyamula zilembo zokha, sinyamula malangizo. Wolandira amangoganizira yekha, ndipo pamenepo ndi pamene ziro amagwera.

Malo oyamba ogwera ndi m'nkhokwe momwemo. Amene anamanga nkhokweyo anayenera kusankha mtundu wa danga lililonse, kaya ndi la mawu kaya la chiwerengero. Ngati danga la khadi analipanga la chiwerengero, ndiye kuti 00472 inasungidwa ngati 472 kuyambira tsiku loyamba. Chosokoneza ndi chakuti mapulogalamu ena, monga Access, angathe kuuzidwa kuti azionetsa maziro pa galasi ngakhale sanasungidwe. Mlembi amaona 00472 tsiku ndi tsiku n'kumakhulupirira kuti zonse zili bwino, koma potulutsa fayilo mumatuluka 472 yekha. Ziro uja anali utoto chabe.

Malo achiwiri ndi amene amavulaza anthu ambiri, ndipo amapweteka mtima chifukwa amagwira mlembi wosamala. Nkhokwe yatulutsa fayilo yabwino, maziro onse alimo. Mlembi akufuna kutsimikiza asanatumize, ndiye akudina fayiloyo kawiri kuti aione. Pa makompyuta ambiri a m'maofesi, fayilo ya CSV ikadinidwa imatseguka mu Excel, pulogalamu yopangidwira masamu. Excel ikaona danga lokhala ndi timanambala tokhatokha imalitenga ngati chiwerengero ndipo imachotsa maziro a kumanzere osafunsa. Kufika apa fayilo yeniyeni sinaonongeke. Chasintha ndi chooneka pa galasi. Koma mlembi akakonza dzina limodzi lolakwika n'kusunga, kapena akangovomera pamene makina akumufunsa ngati asunge, Excel imalemba fayilo yonse mwatsopano monga mmene ikuonekera pa galasi. Alimi 600, maziro onse apita pa kudina kumodzi. Ndipo mndandandawo ukadutsa m'manja anayi, ku posto, ku distrito, ku província ndi kulikulu, pali mipata inayi yoti izi zichitike.

B.I. imapulumuka kawirikawiri, ndipo chimene chimaipulumutsa ndi chilembo cha kumapeto chija. Excel ikaona chilembo imadziwa kuti si masamu, imasiya nambalayo mmene ilili. Koma mlembi akasiya chilembocho polemba, kapena akachiika m'danga lakelake, 05 uja amasanduka 5 ndipo nambala imatsala ndi timanambala 11.

Pamene sizibwezeka

Ziro wotayika nthawi zina amabwezeka. Ngati makadi onse a gulu ali ndi timanambala 5, aliyense woona 472 angadziwe kuti pakusowa maziro awiri. Koma tiyerekeze kuti magulu awiri aphatikiza mindandanda yawo, lina la makadi a timanambala 4, lina la timanambala 5. Mayi wa khadi 0472 ndi bambo wa khadi 00472 onse asanduka 472. Wina kuofesi akamachotsa mayina obwerezedwa, monga ayenera kuchitira poopa anthu olandira kawiri, mmodzi wa awiriwa afafanizidwa, ndipo pa pepala sipaoneka kuti panali munthu.

Foni ya ku Malawi ili ndi msampha wake. Nambala ya TNM yoyamba ndi 088 ikataya ziro imatsala ndi timanambala 9 toyamba ndi 88, chimodzimodzi kutalika kwa nambala ya kuno. Mlembi wa ku Tete kapena ku Maputo amene sanakhalepo m'malire angaganize kuti ndi nambala yathu yolembedwa molakwa, n'kuikonza kuti ikhale 86 kapena 84. Uthenga wonena za tsiku la msika, la mbewu kapena la katemera upita kwa munthu wachilendo ku Nampula, mwini wake akudikira ku Tsangano. Kulemba nambalayo ndi +265 kutsogolo sikuthandiza mu Excel: chizindikiro cha kuphatikiza chimachotsedwa, ndipo nambala ikafika timanambala 12 imaonetsedwa mwachidule, monga 2,65999E+11. Fayilo ikasungidwa ili choncho, timanambala totsalato tapita.

Choopsa kuposa zonse ndi NIB. Excel imasunga timanambala 15 tokha ta chiwerengero chilichonse. Topitirira pamenepo imatisandutsa maziro. NIB yoyamba ndi 0001 ikataya maziro atatu a kutsogolo imatsala ndi timanambala 18, ndipo titatu tomaliza timafafanizika. Apa palibe katswiri angabweze poyang'ana fayilo yokha. Mwayi ulipo umodzi: timanambala tiwiri tomaliza ta NIB ndi toyesera ngati nambala yonse ili yoona, choncho banki imakana nambala yoonongeka m'malo molipira munthu wolakwika. Ndalama sizibedwa, zimabwerera kwa wotumiza. Koma kwa agogo amene akwera njinga ya kabaza kuchokera kumudzi mpaka ku Ulónguè n'kupeza m'buku mulibe kanthu, kusiyana kwake n'kochepa. Ulendo walipiridwa kale, ndipo wachiwiri ukudikira.

Tisaganize kuti zimenezi zimagwera alembi a kumidzi okha. Khalidwe lomweli la Excel, loganizira lokha chimene munthu akutanthauza, linavutitsa akatswiri a sayansi kwa zaka zambiri. Mayina ena a majini, tinthu ta m'thupi timene timachititsa mwana kufanana ndi makolo ake, ankasanduka masiku a mwezi: MARCH1 inkawerengedwa ngati 1 Malichi. Mu 2020 bungwe loona za mayinawo linagonja n'kusintha mayina enieniwo, MARCH1 kukhala MARCHF1. Kampani ya Microsoft inadzaika batani lozimitsira khalidweli mu 2023. Ngati madokotala a sayansi anachita kusintha mayina, mlembi wa koperativa asachite manyazi kufunsa.

Kwa alembi athu

Mankhwala oyamba ali pa kumanga nkhokwe. Danga lililonse losunga nambala imene ndi dzina, kaya khadi, foni, NIB kapena B.I., likhale la mawu, Texto, osati la chiwerengero. Muyezo wake ndi wosavuta: ngati simudzafuna kuphatikiza manambala a m'dangamo, si chiwerengero. Kumene nkhokwe inamangidwa kale molakwika ndipo makadi onse ndi otalika mofanana, potulutsa fayilo mudutse pa funso limene limadzaza maziro kumanzere mpaka kutalika koyenera. Mu Access ntchito imeneyi imachitidwa ndi Format, pamene mu MySQL, PostgreSQL ndi Oracle ilipo LPAD. Koma uku ndi kumata chigamba, ndipo ndi bwino kukonza danga lenilenilo nyengo yolembetsa isanafike.

Fayilo ikatuluka, musaidine kawiri. Itseguleni ndi Bloco de Notas, kapulogalamu kamene kamaonetsa zilembo monga mmene zilili popanda kuganizira kanthu. Ngati maziro akuoneka mmenemo, fayilo ili bwino, itumizeni osaikhudzanso. Njira imeneyi imathetsanso mikangano yambiri pakati pa maofesi, pamene wotumiza akulumbira kuti anatumiza zabwino ndipo wolandira akulumbira kuti zinafika zoduka. Kawirikawiri onse awiri akunena zoona, ndipo wolandirayo ndi amene wadula potsegula.

Ngati n'kofunika kuiona mu Excel, yambani mwatsegula Excel yopanda kanthu, pitani pa Dados, itanani fayiloyo kuchokera pamenepo, ndipo musanavomere sinthani madanga a manambala aja kuti akhale Texto m'malo mwa Geral. Amene ali ndi LibreOffice Calc, pulogalamu yaulere, ali ndi mwayi chifukwa iyo imafunsa mtundu wa madanga nthawi iliyonse potsegula CSV. Chofunika ndi kuyankha funsolo, osangodumpha. Amene Excel yawo ndi yatsopano angazimitse kuchotsa maziro m'zosankha za pulogalamuyo, koma akumbukire kuti azimitsa pa kompyuta yawo yokha. Ya mnzawo wa ku distrito, imene mwina ndi yakale, ipitiriza kudula.

Pali nzeru ziwiri zimene zimayenda pakamwa m'maofesi zofunika kuchenjera nazo. Ena amati nambala ikatsekeredwa mu aspas, monga "00472", ndiye yatetezedwa. Mapulogalamu ena amalemekezadi zimenezo, koma Excel ikatsegula podina kawiri imachotsa aspas n'kudula ziro chimodzimodzi. Ena amalemba ="00472", ndipo apa Excel imaonetsadi maziro onse. Koma fayilo yotere ndi yoyenera maso a munthu basi. Ikapita ku makina a banki, iwo awerenga chizindikirocho ngati mbali ya nambala ndipo akana mzere wonse. Kwa ife, gulu limene likuyamba kumene kupereka makadi lingachite bwino kuika chilembo kutsogolo, monga A00472, kapena kuyamba kuwerenga pa 10001. Pamenepo palibe ziro woti agwe, ndipo palibe mlembi wa mtsogolo amene ayenera kukumbukira kanthu.

Chinanso: fayilo yoyamba yotuluka m'nkhokwe isungidwe padera osaisintha, pamodzi ndi mapepala amene anthu analembetsera. NIB ikaduka, kobwerera ndi kumeneko basi.

Kwa inu olembetsa

Inu amene simukhudza kompyuta muli ndi mbali yanu, ndipo si yaing'ono. Polembetsa, tchulani ziro mokweza monga mutchulira timanambala tina. Ambirife timayamba kutchula foni pa 999 kapena 888 chifukwa tonse kuno tikudziwa kuti kutsogolo kuli ziro, koma makina sakudziwa. Nenaninso kuti khadiyo ndi ya dziko liti, ndipo ngati muli ndi makadi awiri, pa nkhani za ndalama perekani ya kuno. Wolemba pamanja asiyanitse bwino ziro ndi chilembo O, pakuti wokalowetsa m'makina sadzakhala ndi inu pafupi kuti akufunseni.

Kumene mindandanda imapachikidwa pa khoma tsiku la malipiro lisanafike, musangoyang'ana dzina n'kubwerera mokondwa. Werengani timanambala ndi chala, kapena tengani mwana wa sukulu akuwerengereni. NIB ikhale ndi 21. B.I. ikhale ndi 12 ndi chilembo chake. Foni ya kuno ikhale ndi 9, ya ku Malawi kapena ku Zambia ikhale ndi 10 kuphatikizapo ziro. Mukaona nambala yanu yafupika, kapena yatha ndi maziro amene simukuwadziwa, kapena pakati pake pali E ndi chizindikiro cha kuphatikiza, pitani kwa mlembi tsiku lomwelo muli ndi chiphaso m'manja. Mukapeza kuti ya mnansi wanu yadukanso chimodzimodzi, ndiye kuti si dzanja la wolemba linaterereka, ndi mndandanda wonse umene wadutsa mu Excel. Pamenepo auzeni a mfumu kapena a secretário kuti nkhaniyo ipite ku ofesi ngati ya mudzi wonse, ndipo chopempha chikhale chimodzi: mndandanda utulutsidwenso kuchokera m'nkhokwe, osati ukonzedwe dzina limodzilimodzi ndi bolopeni pa khoma.